MASO OYABWA A ANA: MANKHWALA OFULUMIRA NDIWO OFUNIKA KUSAMALA NAWO

Cilimwe cikafika, fumbi ndi utsi wa lupsa zitadzaza mumpweya, timaona ana ambiri akutikita maso kusukulu ndi kuchalichi komwe. Maso amafiira, misozi imangotuluka, ndipo manthongo ake amakhala onanda ngati ulusi. Mwana amathawa kuwala kwa dzuwa. Pakapita zaka, mbali yoyera ya diso imasanduka yofiirira ngati dothi la katondo, mwakuti ena amayamba kumunena mwanayo kuti amasuta camba.

Madokotala amacha matendawa vernal keratoconjunctivitis, mwacidule VKC. Sapatsirana ngati maso ofiira aja a mliri. Thupi la mwanayo limalimbana mopitirira muyeso ndi zinthu zosaopsa monga mungu wa maluwa ndi fumbi, ndipo nkhondoyo ndiyo imatupitsa diso. Amagwira kwambiri anyamata, ndipo kwa ambiri amacepa akatha msinkhu. Funso ndi lakuti mwanayo adzafika pamsinkhuwo maso ake ali bwanji.

Mankhwala odontheza m'maso a mtundu wa steroid, monga dexamethasone, amaziziritsa diso m'masiku owerengeka. Kholo likaona zimenezi limasunga kabotolo, kakatha limakagula kena popanda kubwereranso kucipatala. Sitingaliimbe mlandu kwambiri, pakuti ndani angapirire kuona mwana akulira usiku wonse? Koma steroid akadonthezedwa kwa miyezi yambiri amakweza mphamvu ya madzi a mkati mwa diso, ndipo mtsempha woonera umafa pang'onopang'ono. Iyi ndiyo glaucoma. Kawirikawiri sipweteka, ndipo kuona kumene kwatayika sikubweranso. Steroid amabweretsanso ng'ala mwa mwana wamng'ono. Ndiye cifukwa cake akatswiri akhala akufunafuna mankhwala ena oletsa kutupa popanda ngozi ziwirizi.

Kufufuza kumene kwatikhudza kwambiri kunacitikira ku Rwanda, dziko la alimi ngati lathu. Gulu lotsogoleredwa ndi dokotala Stefan De Smedt linayamba lapima ana a sukulu 3,041, ndipo linapeza 121 ali ndi VKC. Ndiye kuti ana 4 pa 100 alionse. M'kalasi la ana 50, awiri.

Kenaka pa cipatala ca Kabgayi anatenga odwala 366 n'kuwagawa m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina linalandira dexamethasone wosakaniza ndi tobramycin, linalo ciclosporin wosungunulidwa m'mafuta a olivi, kwa milungu inayi. Wodwala sanadziwe cimene cinali m'kabotolo kake, ngakhalenso dokotala womupima sanadziwe. Ena angaone ngati ndi cinyengo, koma alimi adzamvetsa. Munthu akamayesa mbewu ziwiri, imodzi ali nayo kale cikondi, amaithirira bwino n'kuiona yokongola kuposa inzake. Kubisa dzina la mankhwala kumacotsa kukondera koteroko.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012. Pakutha kwa milungu inayi, magulu onse awiri anali atapeza bwino mofanana. Koma ciclosporin anali kuluma m'maso, ndipo odwala ambiri anadandaula nako. Ici si cinthu cacing'ono. Mai aliyense amene anayesapo kugwira mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi kuti amudontheze mankhwala oluma, kanayi patsiku, adziwa kuti lacitatu lisanafike mwanayo adzakhala atathawira kwa ambuye ake.

Ciclosporin ndi mankhwala ocokera ku nkhungu ya m'dothi, ndipo anayamba kudziwika pothandiza anthu oikidwa impso ya munthu wina, kuti thupi lisaikane. M'diso amagwira nchito yofananayo, kutonthoza asilikali a thupi amene akwiya popanda cifukwa. Kampani ya Santen inawakonza mwa njira ina, ocepa mphamvu kwambiri kuposa a ku Rwanda aja, n'kuwayesa pa ana 169 a m'maiko angapo amene matenda awo anali aakulu. Ena analandira kanayi patsiku, ena kawiri, ena madontho opanda mankhwalawo. Patatha miyezi inayi, olandira ciclosporin anali ndi zilonda zocepa pagalasi la kutsogolo kwa diso, ndipo sanafunikire steroid kawirikawiri. Maiko a European Union anavomereza mankhwalawa mu 2018 m'dzina la Verkazia, ndipo America inatsatira mu 2021. Ku Japan, madontho a tacrolimus, amene amagwira nchito mofanana, anavomerezedwa mu 2008.

Pamenepa ndi pamene ife tili ndi dandaulo. Matendawa acuruka m'maiko otentha ndi a fumbi, koma mankhwala atsopano amayamba kufika kumene kuli ndalama, ndipo mtengo wake mlimi wa cimanga sangaukwanitse. Bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndi unduna wa zaumoyo ali ndi nchito ziwiri: kuthandiza kuti ciclosporin ndi tacrolimus otsika mtengo azipezeka m'zipatala za maso, ndi kuletsa kugulitsa steroid wa m'maso popanda cikalata ca dokotala.

Pakadali pano, ana ambiri safunikira mankhwala odulawo. Madontho a sodium cromoglycate kapena olopatadine amathandiza matenda akakhala aang'ono, makamaka akayambidwa msanga ndi kupitirizidwa cilimwe conse. Kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira, koikidwa pamaso otseka, kamacepetsa kuyabwa. Cipewa cimathandiza padzuwa. Kutikita ndiko koipa, cifukwa kumatha kupotoza galasi la diso mpaka mwana osaona bwino pabolodi. Za mkaka wa m'mawere, mkodzo ndi madzi a masamba, zimenezo zisayandikire diso la mwana.

Steroid sanatayidwe. Matenda akakula, dokotala amaperekabe, koma kwa masiku owerengeka, akupima mphamvu ya m'diso. Amene muli ndi kabotolo kunyumba, werengani dzina lake. Mukaona dexamethasone, prednisolone kapena betamethasone, ndipo mwana wakhala akudonthezedwa kupitirira milungu iwiri osapimidwa, nyamulani kabotoloko pamodzi ndi mwanayo mupite kucipatala ca boma kapena ca mishoni cimene cili ndi wa maso. Musasiye mwadzidzidzi pa inu nokha, pakuti kutupa kumabwerera mwamphamvu. Wa maso ndiye adzakuuzani kacepetsedwe kake.