Mkangano wa Kadumphidwe pa Ayezi

M'maiko ozizira monga Norway, Sweden ndi Canada, madzi a m'nyanja amauma gwa! m'nyengo yachisanu. Anthu akumeneko amatsetsereka pa ayeziyo atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake. Mipikisano yake imachitikira m'nyumba zikuluzikulu momwe madzi amaumitsidwa ndi makina.

Chitsulo cha nsapatozi chili ndi kangalande pakati, kotero kuti mbali zakuthwa zilipo ziwiri. Mbali yamkati imayang'ana mwendo unzake, pomwe inayo ndi yakunja. Kutsogolo kwa chitsulocho kuli mano onga a sowo.

Mitundu ikuluikulu ya kadumphidwe ilipo isanu ndi umodzi. Pa yonseyi wosewera amazungulira m'malere, natera ndi mwendo umodzi akutsetsereka chambuyo. Chimene chimaisiyanitsa ndi kanyamukidwe kake. Mtundu wa Axel, umene Axel Paulsen wa ku Norway adaonetsa mu 1882, ndi wokhawo umene munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo. Chifukwa cha ichi amazungulira theka lina loonjezera asanatere.

Mkangano waukulu uli pa mitundu iwiri yofanana ngati mapasa: Lutz ndi flip. Pa yonse iwiri wosewera amabwera chambuyo ndi mwendo umodzi, nabaya ayezi ndi mano a nsapato inayo kuti anyamuke. Pa flip amatsamira mbali yamkati, ndipo thupi limazungulira motsata kumene limakhotera kale. Pa Lutz, dzina lochokera kwa Alois Lutz wa ku Austria, amatsamira mbali yakunja, ndipo thupi liyenera kuzungulira motsutsana ndi njira yake. Zimenezi n'zovuta, n'chifukwa chake malikisi a Lutz ndi ochuluka.

Osewera ambiri amayamba Lutz bwinobwino, koma atatsala pang'ono kunyamuka phazi limapendekera mkati. Ena amati kulakwaku n'kochepa, pakuti munthu wadumpha ndithu, wazungulira, ndipo watera osagwa. Koma ena amakana. Iwo amati wotereyu wachita flip nkumafuna malikisi a Lutz, ndipo kumpatsa n'kulakwira mnzake amene adavutika zaka zambiri kuphunzira njira yoyenera. Mwana akazolowera kupendeka ali wamng'ono, aphunzitsi amavutika kumuwongola atakula.

Kale oweruza ankadalira maso okha, chonsecho kunyamuka kumatha m'kuphethira kwa diso. Pa masewera a Olimpiki a 2002 ku Salt Lake City padabuka mlandu wa kukondera kwa oweruza. Motero mu 2004 bungwe la International Skating Union lidakhazikitsa kaweruzidwe katsopano. Akatswiri ena amaonanso kanema pang'onopang'ono kuti aone pamene phazi lidatsamira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akapeza kuti mbali yalakwika amalemba chilembo cha "e", ndipo malikisi amachepetsedwa. Komabe mkangano sudatheretu, chifukwa kamera ikaima kwina, phazi lomwelo limaoneka mwina.

Mafunso

1. Kodi chitsulo cha nsapato chili ndi mbali zingati zakuthwa?
2. N'chifukwa chiyani wodumpha Axel amazungulira theka loonjezera?
3. Fotokozani kusiyana kwa Lutz ndi flip.
4. Kodi mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" ukutanthauzanji m'nkhaniyi?