Mwana Akamapita Kukaphunzira ku India

Kalata itafika yoti mwana wa achemwali anga wapeza malo pa yunivesite ina ku India, chinthu choyamba chimene mayi ake anagula chinali bulangete lochindikala. Sindikuwaseka ayi. Kuno ku Tsangano mwana akamachoka pakhomo timayamba taganiza za chisanu, popeza ndi chimene timachidziwa. Mu June nkhungu imakuta minda ya kachewere mpaka dzuwa litakwera. Koma mtsikanayu ankapita kudziko limene mu May ndi June, m'mizinda ngati Delhi, kutentha kumapitirira madigiri 40. Pamenepo ndinaona kuti tonsefe tinali kulongedza chikwama tisanalidziwe dzikolo.

Achinyamata athu amapita ku India m'njira zingapo. Ena amapata mwayi wa boma la India kudzera ku bungwe la ICCR, ndipo za mwayiwu amalengeza ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Ena amadzilipirira, monga ku Spicer Adventist University mumzinda wa Pune. Ena amadalira anthu odzitcha maejenti, ndipo apa mpofunika maso. Musanagulitse ng'ombe kapena matumba a kachewere, fufuzani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Bungwe la UGC la ku India limasindikiza mayina a mayunivesite abodza, ndipo kwathu kuno NCHE ndiyo imaunika mapepala ochokera kunja. Funsaninso, ndipo akuyankheni polemba kalata, ngati pamakhala maphunziro kapena mayeso Loweruka, chifukwa m'makoleji ambiri kumeneko tsikuli ndi la ntchito. Nkhani ya Sabata imavuta kuikambirana fizi italipidwa kale.

Za thupi ziyambike miyezi iwiri ulendo usanafike. Ndege zochokera ku Lilongwe kawirikawiri zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever. India sachita chibwana ndi khadi lachikasu la katemera wake: amene akuyenera kukhala nalo koma alibe angathe kusungidwa payekha mpaka masiku 6. Khadilo limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni, choncho kubayitsa dzulo la ulendo nkutaya ndalama.

Matenda amene ndinakhalira naye pansi mtsikanayu ndi dengue. Ife tinazolowera kuti udzudzu ndi wa usiku, ukagona m'neti basi watha nawo. Udzudzu wa dengue umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo umachuluka nthawi ya mvula yawo, kuyambira June mpaka September, ndi masabata otsatira. Umaswana m'madzi oyera otsalira m'ndowa ndi m'zitini. Munthu amatentha thupi kwambiri, mutu umawawa kumbuyo kwa maso, mafupa amaphwanya. Chimene makolo ambiri sadziwa ndi ichi: asamwe aspirin kapena brufen, chifukwa mankhwalawa angayambitse kutaya magazi. Amwe panado, amwe madzi ambiri, apite kuchipatala akayezedwe. Ndinamulembera zimenezi pachikuto cha kope lake.

Madzi akumwa akhale owiritsa, osefedwa kapena a m'botolo losatsegulidwa, ndipo mapaketi angapo a Thanzi ORS salemera m'chikwama. Mwana amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a mphumu, a khunyu kapena ma ARV, atenge okwanira miyezi yoyambirira pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina lenileni la mankhwalawo. Wa mphumu adziwenso kuti mpweya wa ku Delhi umaipa kwambiri ndi utsi kuyambira November.

Pa chakudya ndiye pali chotonthoza. Nsima akaiwale kaye, koma nandolo amene alimi a kumwera kwa dziko lino amagulitsa, wambiri amakathera ku India komweko, ndipo akamupeza m'mbale pafupifupi tsiku lililonse, wophikidwa ngati chipere, kumeneko amati dal. Chakudya cha m'paketi chopanda nyama chimakhala ndi kadontho kobiriwira m'kabokosi, kotero wosadya nyama savutika kusankha. Tsabola yekha ndiye amafuna kumuzolowera pang'onopang'ono.

Akafika, wophunzira amene visa yake ndi yopitirira masiku 180 ayenera kulembetsa ku ofesi yoona za alendo, yotchedwa FRRO, pasanathe masiku 14. Visa ya sukulu simulola kugwira ganyu, choncho asapite ndi maganizo oti akadzipezera yekha ya sopo. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza m'mabanki mwathu, banja liyambe kukonza zotumiza fizi nthawi idakalipo.

Chotsala ndi kusungulumwa. Kukhala wakhungu lakuda yekha m'basi, anthu nkumakuyang'anitsitsa, kumatopetsa mtima, ndipo ana ambiri sanena. Ife tinapangana kuti tiziyimbirana Lamlungu lililonse. India ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye tikaimba 4 koloko madzulo, iye amakhala atadya kale mgonero. Sitimufunsa za mayeso okha. Timamufunsa ngati akugona tulo, ndiponso amene wadya naye lero.

Bulangete lija linatsala. Akufunda ndi agogo ake.