KUPHUNZIRA NCHITO YA MAGETSI AUKALI

Pa mtsinje wa Zambezi pali khoma lalikulu la Kariba, limene linatha kumangidwa m'caka ca 1959. Madzi a pamenepo azunguza makina opanga magetsi, ndipo magetsiwo ayenda m'mawaya kufikira ku Lusaka ndi ku migodi ya ku Kitwe.

Ukali wa magetsi uyesedwa ndi muyeso wochedwa mavoliti. Magetsi a m'nyumba ali ndi mavoliti 230, koma a m'mawaya akulu aja ali ndi mavoliti 330,000. Cifukwa cace ndi ici: magetsi ofooka akayenda ulendo wautali, mphamvu yace yambiri itayika potenthetsa waya. Cotero makina ochedwa thiransifoma akweza ukali wace pocokera, ndipo ena autsitsanso pofika ku mzinda.

Magetsi otere ngoopsya ndithu. Sayembekeza kuti munthu awakhudze iai. Akangoyandikira, alumpha m'mphepo ngati mphezi, namtentha. Nanga mnyamata kapena mtsikana wofuna nchito imeneyi aphunzira bwanji, popeza kulakwa kamodzi kokha ndiyo imfa?

Masiku ano anthu anzeru anapeza njira. Wophunzira akhala pa kompyuta, ndipo pa galasi lace aona cithunzi ca nyumba ya magetsi, pamodzi ndi mawaya ndi maswici ace onse. Akatsegula swici pa cithunzipo, kompyuta imuonetsa cimene cikadacitika pa nchito yeniyeni.

Mwacitsanzo, mphunzitsi amuuza kuti akonze waya wina. Poyamba ayenera kuzima magetsi ndi swici yaikulu yokhoza kudula mphamvu yonse. Kaciwiri atsegule swici yolekanitsa, kuti mpata uoneke ndi maso. Kacitatu ayese waya, aone ngati mulibedi magetsi. Potsiriza alunzanitse wayayo ndi nthaka, kuti magetsi akabwera mwadzidzidzi alowe pansi. Tsono akayamba ndi swici yolekanitsa magetsi ali ciyendere, moto waukulu ubuka pa cithunzi. Koma palibe wobvulala. Mphunzitsi amlongosolera kulakwa kwace, ndipo iye abwereza kawirikawiri kufikira dongosolo lonse litakhazikika m'mutu.

Komabe kompyuta siikwanira yokha. Cithunzi sicilemera, sicitentha, ndipo sicicititsa mantha. Cifukwa cace wophunzira ayeneranso kugwira zipangizo zenizeni ndi manja ace, atabvala zobvala zomchinjiriza, ali pambali pa mmisiri wozolowera. Ku Kafue Gorge kuli sukulu ya nchito za magetsi imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1989, ndipo kufika ophunzira ocokera ku maiko ena a mu Africa. Pa nchito yotere wanzeru ndiye wofunsa, pakuti akulu anati, "Safunsa anadya phula."

Ana a sukulu nawonso asamale. Asakwere nsanamira za magetsi, asaponye waya kapena ndodo ku mawaya, ndipo akaona waya wogwa pansi aime kutali, nakauze akulu msanga. Mwana wokonda masamu ndi womvera malangizo angathe kudzakhala mmisiri wa magetsi, ndi kuunikira mudzi wa kwao.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji akweza ukali wa magetsi pocokera ku Kariba?
2. Chulani zinthu zinai zoyenera kucita asanakonze waya.
3. Kodi kompyuta ithandiza bwanji wophunzira?