Kawailesi ka pazilumba komwe sikanazime

Pofika pa 10 Ogasiti 1979, aliyense wa ku Britain amene ankatsegula kanema wake kuti aonere ITV, kanema woyendera malonda, ankangopeza mawu opepesa atalembedwa pagalasi. Amisiri a makina anali atanyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro, ndipo zinthu zinakhala choncho mpaka pa 24 Okotobala. Pa makampani 15 amene ankapanga ITV nthawi imeneyo, makampani 14 anazima, kuphatikizapo zimphona monga Thames ya ku London ndi Granada ya ku Manchester. Imodzi yokha ndi imene inapitiriza kuulutsa, ndipo inali yaing'ono kuposa onse: Channel Television, ya pazilumba za Jersey ndi Guernsey. Mabungwe a ogwira ntchito anailola kugwirabe ntchito chifukwa ankadziwa kuti ikangokhala masabata ochepa osalandira ndalama za otsatsa malonda, siidzadzukanso. Inaonetsa mafilimu akale, mapologalamu ogula kunja ndi nkhani za pazilumba pomwepo, kwa maola ochepa patsiku, mpaka mkanganowo unatha. Mbiri yonse ya wailesi ya kanema imeneyi ili ndi zochitika zangati chimenechi, ndipo zikundichititsa kukhulupirira kuti wailesi yaing'ono ya m'dera siikhala ndi moyo chifukwa cha msika wokha. Imakhalapo chifukwa pali anthu amene asankha dala kuinyamula, ndipo kusankha kotero n'koyenera pamene deralo lili ndi nkhani zake zimene wina aliyense sangazilondole.

Alimi a ng'ombe za mkaka kwathu kuno amalidziwa dzina la Jersey, chifukwa mtundu wa ng'ombe zija unachokera pachilumba chimenechi. Jersey ili pafupi kwambiri ndi France, makilomita oposa pang'ono 20 kuchokera kugombe la Normandy, pamene England ili kutali zedi. Kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa pang'ono 103,000 ku Jersey. Guernsey ili ndi anthu opitirira 60,000, Alderney pafupifupi 2,000, ndipo Sark, kumene kulibe magalimoto ndipo anthu amayendera njinga, mathirakitala ndi ngolo za akavalo, ili ndi anthu mazana ochepa chabe. Chachikulu pankhani yathu n'chakuti zilumbazi zili pansi pa mfumu ya Britain koma si mbali ya United Kingdom. Sizitumiza aphungu ku London. Jersey ili ndi nyumba yake ya malamulo, Guernsey yake, Alderney ndi Sark nazonso zili ndi zawo, ndipo misonkho, sukulu, zipatala ndi malamulo a nyumba zogona zimagamulidwa komweko. Munthu wa mumzinda wa St Helier, ku Jersey, akhoza kuonera nkhani za ku London usiku wonse osamva n'kamodzi komwe dzina la amene akukonza zomukwezera msonkho. Anthu amenewa amadziwanso kuwawa kwa kumanidwa nkhani, chifukwa asilikali a Germany analanda zilumbazi kuyambira 1940 mpaka 1945, ndipo mu 1942 analamula kuti mawailesi onse aperekedwe.

Channel Television inayamba kuulutsa pa 1 Seputembala 1962, mumzinda wa St Helier. Kuti zitheke, lamulo la ku Britain la mu 1954 lokhazikitsa makanema oyendera malonda linachita kuwonjezeredwa mwapadera kuti ligwirenso ntchito pazilumbazi. Vuto lenileni linali la luso. Wailesi yaing'ono chotere siikanatha kudzipangira masewero, mpira ndi zisangalalo zodzaza tsiku lonse, choncho inkayenera kukoka mapologalamu a ITV kuchokera ku England, kuwolotsa nyanja. Amisiri anaika zida zolandirira pa Alderney, chilumba cha kumpoto, kuti zizigwira zimene kampani ya Westward inkaulutsa ku Devon, n'kuzitumiza ku Jersey kumene mlongoti wa Fremont Point unkazimwaza kwa oonera. Nyengo ikasintha panyanja, kapena mawailesi a ku France akalowerera, chithunzi chinkasokonekera. Mavuto omwewa ndi amene anachedwetsa zithunzi zamitundumitundu, zomwe zinafika pazilumbazi mu 1976 pamene madera akuluakulu a ITV anali ataziyamba mu 1969. Mu 1986 Channel inasiya kukoka kuchokera kumadzulo kwa England n'kuyamba kulandira kuchokera ku TVS ya kum'mwera kwa England, kenako ku Meridian kuyambira 1993. M'zaka zonsezi, zambiri zimene anthu ankaonera pa Channel zinali zopangidwa ndi ena.

Apa ndi pamene wotsutsa amayambira. Iye anganene kuti wailesi imene maola ake ambiri ndi obwereka ndi paipi chabe yodutsamo zinthu za eni ake, ndipo kukanakhala kosavuta kungoimika mlongoti n'kusiya kampani ya ku England kuti itumikire zilumbazo. Kunena zoona, pa ndalama zokha ali ndi mfundo. Koma akuwerenga maola m'malo moona zimene zinkachitika m'maola ochepa otsalawo. Channel inasankha kusapikisana ndi Granada pa masewero, n'kuika pafupifupi mphamvu zake zonse pa nkhani za 6 koloko madzulo, zimene kwa zaka zambiri zinkatchedwa Channel Report. M'menemo munkamveka zimene aphungu a ku Jersey ndi Guernsey akambirana, milandu ya m'makhoti a pazilumba, mtengo wa mbatata za kachewere za Jersey Royal, ndiponso ngati sitima ya okwera inyamuke kapena chifunga chatseka bwalo la ndege. Ku Jersey nyanja imatha kukwera ndi kuphwa ndi mamita 12, moti msodzi ndi woyenda m'mphepete mwa gombe amafunika kudziwa nthawi yake yeniyeni. Mkonzi wokhala ku Plymouth kapena ku Southampton ku England, amene ali ndi oonera mamiliyoni oti awasangalatse, sakanapereka mphindi zake ku zinthu zotere, ndipo sitingamudzudzule. Kubwereka kuja n'kumene kunapatsa Channel mpata wochita ntchito imeneyi.

Kuchepa kunabweretsanso zabwino zimene makampani akuluakulu anachedwa nazo. Kale mtolankhani wa kanema ankajambula pa filimu, yomwe inkayenera kutsukidwa m'mankhwala, kuumitsidwa, kudulidwa ndi kulumikizidwa isanaonetsedwe, ndipo filimu yojambulidwa kamodzi siinkagwiranso ntchito. Kwa wailesi imene nkhani zake zina zinkachokera kuchilumba china, pandege kapena pasitima, kuchedwa kumeneku ndi mtengo wake zinali katundu wolemera. Cha mu 1979 Channel inakhala imodzi mwa mawailesi oyambirira mu ITV kusiya filimu n'kuyamba kutola nkhani ndi makamera a tepi, pamene m'makampani akuluakulu mabwana ndi mabungwe a ogwira ntchito ankakanganabe kuti zida zatsopanozi zichotsa anthu angati pantchito. Inadziwanso oonera ake mmodzimmodzi. Inkaulutsa nkhani m'Chifalansa, ndiponso m'Chipwitikizi kaamba ka anthu, makamaka ochokera ku Madeira, amene ankabwera kudzagwira ntchito m'minda ndi m'mahotela. Kuyambira 1963 mpaka 2013 kunali chidole cha mbalame ya kunyanja chotchedwa Oscar Puffin, chimene chinkakhala pambali pa muulutsi powerenga makadi a ana okumbukira tsiku lobadwa. Ena angachiyese chinthu chachibwana. Ine ndikuona kuti mwana amene wamva dzina lake likutchulidwa pa kanema amakula akudziwa kuti wailesiyo ndi yakwawo, ndipo akadzakula ndi yemweyo amene adzaimbire atolankhani foni akaona chachilendo kudoko.

Chaka cha 1991 ndi chimene chimaonetsa bwino kuti moyo wa Channel unkadalira malamulo. Boma la Margaret Thatcher linali litakonza zoti ziphaso za ITV zizigulitsidwa kwa wopereka ndalama zambiri, koma lamulo la mu 1990 linasiyamo chotchinga chimodzi: wopikisana aliyense ankayenera kuyamba wakhutiritsa bungwe loyang'anira, la ITC, kuti mapologalamu ake adzakhala abwino ndipo ndondomeko yake ya chuma ndi yotheka. Channel inalonjeza mapaundi 1,000 pachaka, ndalama yochepetsetsa imene lamulo linkalola. Gulu lina lotchedwa CI3 linalonjeza mapaundi 102,000, koma linagwa pa mayeso a ubwino wa mapologalamu, ndipo chiphaso chinatsalira Channel. Pa mpikisano womwewo TVS, imene inalonjeza pafupifupi mapaundi 60 miliyoni, inataya chiphaso chake chifukwa ITC inaona kuti siingakwanitse kulipira, ndipo Thames nayo inagonja kwa Carlton. Ndalama zokha zikanakhala zogamula, zilumbazi zikanataya wailesi imene inali itazitumikira kwa zaka pafupifupi 30. Onjezanipo kuti mu ITV makampani aang'ono ankalipira zochepa pa mapologalamu ogawana, molingana ndi mphamvu zawo, ndiye muona kuti Channel inanyamulidwa ndi amisiri, mabungwe a ogwira ntchito, woyang'anira ndi makampani anzake omwe.

Sikuti mbiri yake ndi yoyera ponseponse. Posakasaka ndalama kunja kwa msika wake wochepawo, Channel inayamba ntchito younika mapologalamu a makampani oima paokha asanaonetsedwe pa ITV, kutsimikiza kuti akutsatira malamulo. Popeza chindapusa chimene bungwe loyang'anira mawailesi la Ofcom likanalipiritsa chinkawerengedwa potengera ndalama zimene kampani imapeza, ambiri anaona kuti kudutsitsa pologalamu ku kampani yaing'ono inali njira yochepetsera chilango zinthu zikalakwika. Ndipo zinalakwikadi. Pa mwambo wa British Comedy Awards wa 2005, mphoto yosankhidwa ndi oonera inaperekedwa kwa Ant ndi Dec pamene amene anapambana pa mavoti anali Catherine Tate, ndipo mu 2009 Ofcom inalipiritsa Channel mapaundi 80,000. Oonera analipira ndalama zawo poimba foni kuti avote, ndipo ananamizidwa. Palibe chifukwa chochepetsera cholakwa chimenechi. Koma taonani kuti chinachitikira pa ntchito imene inalibe chochita ndi Jersey kapena Guernsey, imene kampani inaitenga kuti ipeze chodyera. Wailesi yaing'ono ikasiyidwa kuti idzionere yokha, imakakamizika kugwira maganyu amene amaika dzina lake pachiswe.

Chitsutso china ndi cholemera kuposa zonsezi. Pamalo pochepa, mtolankhani amakumana ndi nduna kumsika, ana awo amaphunzira sukulu imodzi, ndipo wotsatsa malonda wamkulu akhoza kukhala m'bale wa amene akufufuzidwa. Jersey ikulidziwa vutoli. Kafukufuku wa nkhanza zimene ana ankachitiridwa m'nyumba zosungira ana, amene lipoti lake linatuluka mu 2017, anadzudzula chizolowezi cha pachilumbachi chotetezana ndi kubisa zochititsa manyazi. Aliyense wokonda mawailesi a m'madera ayenera kuvomereza kuti kuyandikana kumatha kutseka pakamwa. Komabe mankhwala ake sangakhale kudalira atolankhani ochokera kutali. Mu Meyi 2021, maboti a asodzi a ku France atasonkhana padoko la St Helier kudandaula za ziphaso zophera nsomba, Britain n'kutumiza sitima ziwiri zankhondo, makamera a dziko lonse anafika. Patangopita masiku ochepa anali atabwerera, paja mlendo ndi mame. Nkhani ya ziphasoyo inapitirira kwa miyezi yambiri m'maofesi ndi m'nyumba ya malamulo, ndipo oitsatira anali a pomwepo: Channel, BBC ya pazilumbazi, nyuzipepala ya Jersey Evening Post ndi Guernsey Press. Chimene chimachepetsa mantha a mtolankhani wa pamalo pochepa ndi kukhalapo kwa anzake opikisana naye, chifukwa chimene mmodzi wachisiya, wina amachitola. Kuchotsapo mmodzi mwa amenewa kumangokulitsa vuto lomwe wotsutsayo akudandaula nalo. Intaneti nayo siinasinthe mfundo imeneyi. Pa Facebook mphekesera imayenda msanga, koma pamafunikabe munthu wolipidwa woti akhale m'khoti tsiku lonse n'kulemba zimene woweruza wanenadi.

Ufulu wodziimira pawokha unatha pang'onopang'ono. Mu 2001 kampaniyi inagulidwa ndi Yattendon, ya banja la Iliffe la ku England. Mu 2004 Granada ndi Carlton, zitameza anzawo ambiri, zinaphatikizana kukhala ITV plc, ndipo mu 2011 ITV plc inagulanso Channel. Wina anganene kuti pamenepa msika unapambana ndithu. Pa umwini, inde. Koma taonani zimene zinachitika kumadera ena. Mu 2009 ITV inaphatikiza nkhani za Border, ya ku Carlisle, ndi za Tyne Tees, n'kuyamba kuziulutsira ku Gateshead, ndipo madandaulo atachuluka, pologalamu yakeyake ya dera la Border inabwezeretsedwa mu 2013. Zilumbazi sizinadutse m'zimenezo. Nkhani zawo zamadzulo zikukonzedwabe ku St Helier, ndi atolankhani ena ku Guernsey, chifukwa chiphaso chimene Ofcom imapereka chimalamula mwini wake kuulutsa nkhani za deralo, ndiponso chifukwa palibe dera la ku England limene zilumba zokhala ndi maboma awoawo zingaphatikizidwe nalo mwanzeru. Ndalama za otsatsa malonda pa kanema zikucheperachepera, ndipo tsiku lina wowerengera chuma ku London adzafunsa ngati anthu osakwana 200,000 akuyenera kukhala ndi chipinda chawochawo cha nkhani. Tsikulo likadzafika, Ofcom ndi aphungu a ku Jersey ndi Guernsey adzayenera kukana, ndipo lamulo la nkhani za m'dera lisadzachotsedwe m'chiphasocho.