Mpunga mumaudya, nanga ku Chama munafikako?

Mu komboni palibe amene saudziwa mpunga wa ku Chama. Ukali pa mbaula, fungo lafika kale kwa aneba. Koma funsani anyamata pa station kuti Chama ili kuti, muzamvela mayankho osekesa. Ena ati Eastern, ena ati Muchinga. Osawaseka maningi: mu 2011 a Michael Sata anaichotsa ku Eastern n'kuipeleka ku Muchinga, ndiye mu 2021 a Hakainde Hichilema anaibweza. Ngakhale ana a kumeneko obadwila mu Lusaka amasokonezeka.

Ulendo si wamasewela. Ku Intercity mukwela basi ya ku Chipata, mupitilila ku Lundazi, ndiye kuchoka apo msana uzamvela mseu. Nthawi ya mvula osayesa ngati leave yanu ni ya masiku atatu, chifukwa mitsinje ikadzala mumagona panjila. Pitani mvula ikatha, mpunga atakolola.

Pa boma ni pang'ono, mumaizungulila na mendo. Tumashopu twa sopo, saladi na talk time, ogulitsa salaula, anyamata a mahonda akuitana makasitomala. Malo enieni ni pa msika. Apa mpunga sugulidwa mu kapepa ka shopu, amapima pa meda, ndipo mumayamba mwaununkhiza m'manja. Mukamvela mtengo wake, n'kukumbuka zimene mumalipila ku Soweto Market, muzaona kuti alimi amene amaswa msana m'madambo sindiwo amadyelela. Ndalama ikuthela panjila, kwa ogula ambili na a matransport. Ndiye mukafika, osanyengelela mtengo monga muli ku Kamwala. Amai aja anapilikitsa mbalame m'munda miyezi, ena anagona kunja kuopa njovu.

Pa nkhani ya kudya, funsani nsomba za mu Luangwa, zouma kapena zaziwisi, na nsima yotentha. Thobwa nayo ipezeka. Anthu ake ni Asenga, chilankhulo chao chili pafupi na Chitumbuka, ndiye "muli uli" imodzi chabe izakutsegulilani nkhani. Mukakonza bwino masiku, mungaoneleko Kwenje, mwambo wa Asenga kwa Senior Chief Kambombo.

Okonda thengo, Chama ni chigwa cha Luangwa. Kwa mfumu Chifunda kuli pontoon yoolokela ku North Luangwa National Park, paki imene anabwezamo zipembele zakuda kuyambila mu 2003. Azungu amachoka kutali kuzaona zimenezi, ise tili busy na ma selfie pa mall. Koma kumtsinje osapita mweka, mvuu na ng'ona sizidziwa kuti ndimwe alendo.

Nyamulani cash, network imavuta mukachoka pa boma. Ndipo siyani malo mu chola. Mukabwela opanda mpunga, ku nyumba azakufunsani ngati munafikadi.