AKATSWIRI AFUNSA CIWINDI ZA TSOGOLO LA WODWALA KHANSA

Anthu awiri angathe kufika ku cipatala tsiku limodzi, onse ali ndi khansa ya m'ciwindi, zotupa zao zili zolingana kukula, nalandira cithandizo cimodzimodzi. Wina amakhala ndi moyo zaka zingapo, pamene mnzace amatsirizika asanakolole cimanga cimene anabzala. Nkhani imeneyi yasautsa madotolo kwa nthawi yaitali, ndipo imasautsa koposa abale a wodwala, amene ayenera kusankha ngati agulitse ng'ombe kuti apite naye ku Lusaka kapena amsunge pa mudzi. Tsopano akatswiri a m'maiko angapo ali kufunafuna yankho lace m'ciwindi momwemo, powerenga majini amene amalamulira nchito yace yophwanya mankhwala.

Majini ochulidwa pano si mizimu yoipa ija imene ena amaichula ndi dzina lomweli. Awa ndi malangizo obisika m'maselo, tizigawo tating'ono kwambiri timene timapanga thupi, ndipo munthu amawalandira kwa atate ndi amai ace. Ena mwa malangizowa amauza ciwindi kapangidwe ka maenzaimu, amene nchito yao ifanana ndi ya madzi oviikamo cinangwa cowawa: amasukulutsa ukali wa mankhwala, wa mowa ndi wa ululu wina uli wonse, kuti zicoke m'thupi ndi mkodzo kapena ndulu. Banja lalikulu la maenzaimu amenewa lichedwa cytochrome P450, mwacidule CYP, ndipo munthu ali ndi majini 57 a banjali. Wochedwa CYP3A4 ndiye amaphwanya mitundu yambiri ya mankhwala kuposa anzace onse.

Anthu sabadwa ndi majini ofanana, ndipo ici cinaoneka kale m'zipatala za kuno. Mankhwala a efavirenz, amene odwala HIV ambiri anali kumwa asanabwere a dolutegravir, amaphwanyidwa ndi CYP2B6. Anthu ambiri a mu Africa ali ndi mtundu wa jini imeneyi wogwira nchito mocedwa, motero mankhwalawo anali kuunjikana m'magazi mwao, nawapatsa cizungulire ndi maloto oipa. Cimodzimodzi isoniazid wa cifuwa cacikulu: ena amamcotsa msanga m'thupi, ena mocedwa.

Koma maenzaimu amenewa sacita zabwino zokha-zokha. Pali ululu wochedwa aflatoxin, wocokera ku cuku cimene cimamera pa cimanga ndi nshawa zosauma bwino. Unadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa zocokera ku Brazil. Ululuwu ukalowa m'ciwindi, CYP1A2 ndi CYP3A4 amayesa kuuphwanya monga mwa nchito yao, koma m'malo mousukulutsa amausandutsa cinthu coopsa koposa, cimene cimakakamira pa majini a selo ndi kuwaononga. M'caka ca 1991 akatswiri anapeza cilema ca mtundu umodzi pa jini yochedwa TP53, imene imaletsa maselo kuswana mwacisawawa, m'zotupa za odwala a kumwera kwa Africa ndi a ku Qidong m'dziko la China, malo amene cuku cotere n'cocuruka. Kuphika nsima kapena kufulula mowa sikupha ululu umenewu, ndipo mai amene amasankha nshawa zabwino kuti akagulitse, nasinja zofwapa ndi zakuda kuti atendere ndiwo za banja lace, amadyetsa ana ace zoipitsitsa za m'nkhokwe. Dziko lino linaona ukali wace mu August 2024, pamene Nduna ya za Umoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya ca cimanga cokhala ndi aflatoxin. Munthu amene ali kale ndi kacilombo ka hepatitis B m'ciwindi, akamadyanso ululuwu, ngozi yace ya khansa imakula kowirikiza.

Zonsezi zikhudza ciyambi ca matenda. Cimene cakopa akatswiri posacedwapa ndi funso la pambuyo pace: khansa ikayamba, kodi majini omwewa anganene mmene idzayendera? Ku America kunali nchito yaikulu yochedwa The Cancer Genome Atlas, imene m'caka ca 2017 inafalitsa zimene inapeza m'zotupa za m'ciwindi za odwala 363. Zolembedwazo n'zotseguka kwa wophunzira ali yense, ndipo magulu ambiri, makamaka a ku China, aziyerekeza ndi masiku amene wodwala ali yense anakhala ndi moyo. Iwo sayang'ana kwenikweni mtundu wa jini umene munthu anabadwa nao ai, koma ngati jiniyo ikali kugwira nchito m'kati mwa cotupa kapena yazilala.

Cimene caoneka mobwereza-bwereza n'cakuti m'zotupa zambiri majini monga CYP2C8, CYP2C9 ndi CYP3A4 amagwira nchito mofooka kuposa m'ciwindi cabwino, ndipo odwala amene majiniwa azilala kwambiri kawirikawiri amafa msanga kapena cotupa cao cimabwerera. Cifukwa cace n'comveka. Selo la khansa limene likali kuphwanya mankhwala ndiye kuti likali kukumbukira kuti ndi selo la ciwindi. Lili ngati mwana wopulupudza amene amabwerabe kudzalima m'munda wa makolo ace. Limene laleka nchitoyo laiwaliratu kwao, ndipo latsala ndi nchito imodzi yokha, ya kuswana ndi kufalikira. Posankha majini owerengeka ndi kuika ciwerengero pa mphamvu ya iri yonse, akatswiriwo amagawa odwala m'magulu awiri, a ngozi yaikulu ndi a ngozi yocepa.

Phindu lace lingakhale lalikulu. Mwa odwala amene acotsedwa cotupa pa opareshoni, mpaka 70 pa 100 ali onse amaona khansa itabwerera zisanathe zaka zisanu, ndipo dotolo wodziwiratu amene ali pa ngozi yaikulu angamuitane kudzapimidwa pafupi-pafupi. Palinso nkhani ya mankhwala. Sorafenib, amene analoledwa m'caka ca 2007 kwa odwala osatheka kucitidwa opareshoni, amaphwanyidwa ndi CYP3A4 ndi enzaimu ina yochedwa UGT1A9. Pa kuyesedwa kwace pa anthu 602, theka la omwa mankhwalawa linapyola miyezi 10.7, pamene theka la osamwa linapyola miyezi 7.9 cabe. Miyezi itatu si yocepa kwa munthu amene afuna kulongosola za ana ace, koma mankhwalawo n'ngokwera mtengo, ndipo amasupula khungu la m'manja ndi kumapazi, natsegula m'mimba. Kudziwiratu amene adzathandizidwa ndi amene adzangozunzika kungapulumutse mabanja ku ngongole zopanda pace.

Komabe njira imeneyi sinalowe m'nchito ya masiku onse ya zipatala, ngakhale za maiko olemera. Madotolo akali kudalira kukula ndi kucuruka kwa zotupa, mphamvu imene yatsala m'ciwindi, nyonga za wodwala ndi mlingo wa AFP m'magazi. Mindandanda ya majini imene yafalitsidwa ndi yambiri, ndipo kawirikawiri gulu liri lonse limaturuka ndi wace-wace, cimene cisonyeza kuti nkhaniyi ikali yaiwisi. Coposa apo, zotupa zimene zinawerengedwa zinacokera makamaka kwa Azungu ndi anthu a ku Asia. Muyeso wopangidwa pa nkhalamba ya ku America yodwala cifukwa ca mowa kapena hepatitis C sungakhulupiridwe msanga pa mlimi wa ku Petauke wa zaka 40 amene ciwindi cace cinaonongedwa ndi hepatitis B ndi cuku.

Bvuto la kuno lili pa kucedwa. Kufufuza kumene kunafalitsidwa m'caka ca 2017, kokhudza odwala 2,566 m'maiko 9 a mu Africa, kunapeza kuti kunja kwa Egypt theka la odwala linali kufa isanathe miyezi itatu cidziwikire matenda ao. Khansa ya m'ciwindi imakula mwakacetecete, ndipo pamene mimba yatupa, maso acita cikasu ndi kumva kupweteka pansi pa nthiti za kudzanja lamanja, kawirikawiri nthawi ya opareshoni yapita. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, cingacite zambiri kwa wofika msanga kuposa kwa wofika pa macira.

Hepatitis B imadziwika popima magazi pang'ono. Wopezeka nako kacilomboka angapatsidwe tenofovir, mankhwala omwe aja ali m'gulu la ma ARV, amene amakafooketsa, ndipo amene ciwindi cace cayamba kuuma ayenera kuunikidwa m'mimba pa miyezi isanu ndi umodzi iri yonse. Katemera wace analowa m'ndondomeko ya ana a m'dziko lino m'caka ca 2005, ndipo amaperekedwa ku sikelo mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Ambiri mwa amene anabadwa cisanafike caka cimeneco, ndiwo atate ndi amai a m'midzi lero, sanamlandire.