Lanfranc: Nduna ya Mfumu Yomwe Inakumbukira Akhate

Amayi anzanga, anthu ambiri akakwera paudindo, odwala ndi amene amayamba kuiwalika. Mbiri ya Mpingo ikutikumbutsa za episkopi wina, Lanfranc, yemwe mpando sunamutseke m'maso.

Lanfranc anabadwira ku Pavia, m'dziko la Italy. Anali mphunzitsi wotchuka, koma mu 1042 analowa m'nyumba ya amonke ku Bec, m'dera la Normandy ku France. William, wolamulira derali, atagonjetsa England mu 1066 ndi kukhala mfumu, anamuitanitsa, ndipo mu 1070 Lanfranc anakhala Arkiepiskopi wa Canterbury. Mfumu inkamudalira zedi. Mu 1075, mfumuyo ili kutsidya kwa nyanja, akuluakulu ena anaukira boma, ndipo Lanfranc ndiye anagwirizira dziko mpaka chipwirikiti chinatha.

Ali ndi mphamvu zonsezi, cha m'ma 1084 anamanga nyumba ziwiri za ovutika. Ya St John, ku Canterbury, inkasunga amuna 30 ndi akazi 30, osauka ndi odwala, ndipo pafupi pake anaikapo ansembe owatumikira. Ya St Nicholas, ku Harbledown, inali ya anthu odwala khate. Lanfranc anamwalira mu 1089, koma nyumba ziwirizi zilipo mpaka lero, zikusamala okalamba.

Nthawi imeneyo khate linalibe mankhwala, n'chifukwa chake odwala ankakhala kwaokha kunja kwa mzinda. Ife tili ndi mwayi womwe Lanfranc analibe. Khate limachizika. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akawayamba sapatsiranso anzake. Si ufiti kapena temberero, limayamba ndi kachilombo.

Komabe kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ena amabisa matendawa poopa kusalidwa, mpaka zala zitapindika. Mukaona chikanga chotuwa pakhungu, chosayabwa, chosamva kanthu mukachikhudza, kapena dzanzi m'manja ndi m'mapazi, muperekezeni wodwalayo kuchipatala msanga, kaya ku Trinity ku Muona, ku St Montfort ku Nchalo, kapena chipatala cha boma chapafupi.

Sitingamange nyumba ngati Lanfranc, koma udindo tili nawo m'miphakati mwathu. Wodwala khate adye nafe nsima, akhale nafe pabenchi limodzi m'tchalitchi, ndipo tizimukumbutsa kumwa mankhwala mpaka amalize.